Mafunso a Owerenga: Mudzi wa Conques, Tchalitchi Chake ndi Anthu Ake

Chithunzi chimene tinasindikiza pachikuto cha kumbuyo mwezi watha, chosonyeza mudzi wa Conques wa ku France utakangamira m'mbali mwa phiri, nsanja zitatu za tchalitchi chake zitatumphukira pamwamba pa madenga a miyala, chabweretsa makalata ambiri kuposa mmene tinkaganizira. Tasankhapo makalata asanu ndi awiri, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo.

A Mkonzi, ine ndimaphunzitsa Chifalansa pasekondale ina, ndipo ndinafuna kugwiritsa ntchito chithunzi chanu m'kalasi. Nditafufuza pa intaneti kuti m'mudziwo mumakhala anthu angati, ndinapeza manambala atatu osagwirizana: pena akuti 90, pena pafupifupi 250, pena pafupifupi 1,600. Ana asukulu sachedwa kumugwira mphunzitsi akalakwitsa. Nambala yoona ndi iti?
*Mphunzitsi, Dedza*

Aphunzitsi, musaope ana anuwo, chifukwa manambala onse atatu ndi oona. Kungoti iliyonse ikuwerenga anthu a malo ake. Chimene chimasokoneza ndi mawu akuti commune, amene anthu ambiri amangowamasulira kuti mudzi, chonsecho commune ndi dera laling'ono kwambiri la ulamuliro wa boma, lokhala ndi malire ake, khonsolo yake ndi meya wake. Ma commune anakhazikitsidwa mu Disembala 1789, makamaka potsata malire a maparishi akale, ndipo lero alipo pafupifupi 35,000. Mzinda wa Paris ndi commune, kamudzi ka mabanja khumi nakonso kakhoza kukhala commune, ndipo pafupifupi theka la ma commune onse lili ndi anthu osafika 500.

Nambala ya 90 ndi yongoyerekeza, ndipo imanena za anthu amene amagona chaka chonse m'nyumba zimene mukuziona pachithunzi chija, zomwe zili mkati mwa malo amene kale ankazunguliridwa ndi linga. Nambala ya 250 ndi ya commune yakale ya Conques, imene inkaphatikizapo mafamu ndi timidzi tomwazikana m'mapiri ozungulira. Koma pa 1 Januwale 2016 commune imeneyi inaphatikizana ndi zina zitatu zoyandikana nayo, zomwe ndi Grand-Vabre, Noailhac ndi Saint-Cyprien-sur-Dourdou, n'kupanga commune imodzi yotchedwa Conques-en-Rouergue, ndipo nambala ya 1,600 ija ndi ya dera latsopanoli. Lamulo la mu 2015 linalimbikitsa kuphatikizana kotereku polonjeza kuti ma commune ophatikizana sadzachepetsedwa ndalama zimene amalandira kuchokera ku boma, ndipo midzi yambiri imene inkavutika kulipira ngakhale mlembi wa khonsolo inaona kuti mutu umodzi susenza denga.

Pali chinthu chinanso chimene chingathandize ana anu. Kalembera wa ku France amayendetsedwa ndi bungwe la boma lotchedwa INSEE, ndipo kuyambira mu 2004 ma commune a anthu osafika 10,000 amawerengedwa kamodzi pa zaka zisanu zilizonse, gulu lina chaka chino, gulu lina chaka chamawa. Munthu amawerengedwa kumene amakhala nthawi yambiri ya chaka. Choncho munthu wa ku Paris kapena ku Toulouse amene ali ndi nyumba ku Conques yoti azidzapumulamo mu Ogasiti sawerengedwa kumeneko, ngakhale nyumbayo ikhale yokonzedwa bwino, maluwa ali pazenera. N'chifukwa chake munthu woona chithunzi amawerenga madenga n'kuganiza kuti mudziwo uli ndi anthu 1,000, pamene m'nyengo yozizira nyumba zambiri zimakhala zotseka, utsi ukutuluka pamadenga owerengeka okha.

Kodi mudzi wotere umakhala ndi nyakwawa kapena gulupu monga kuno kwathu? Nanga milandu amazenga ndani?
*Bambo wa ku Ntchisi*

Ayi bambo, ufumu wobadwa nawo kulibe. Anthu a mu commune amasankha makhansala zaka zisanu ndi chimodzi zilizonse, ndipo makhansalawo amasankha meya pakati pawo. Kuchuluka kwa makhansala kumatengera kuchuluka kwa anthu: commune ya anthu osafika 100 imakhala ndi makhansala 7, ndipo ya anthu apakati pa 100 ndi 499 imakhala ndi 11, moti m'timidzi tina pafupifupi banja lililonse limakhala ndi munthu wake m'khonsolo. Meya amalemba obadwa ndi omwalira, amamangitsa maukwati a kuboma atavala lamba wansalu wa mitundu itatu ya mbendera, ndipo amayang'anira manda, misewu ing'onoing'ono ndi nyumba ya sukulu ya pulaimale. Milandu ndi ya makhoti, ngakhale kuti anthu akakangana za mpanda kapena za galu amayamba apita kaye kwa meya, amene kawirikawiri amakhala mlimi mnzawo kapena mphunzitsi wopuma pantchito.

Kuti muone mmene anthu a ku France amalemekezera commune, pafupi ndi mzinda wa Verdun pali ma commune asanu ndi imodzi amene alibe munthu ndi mmodzi yemwe, chifukwa anaphwasulidwa pankhondo mu 1916 ndipo sanamangidwenso. Mayina awo sanafafanizidwe, ndipo mpaka lero boma limawaikira meya.

Ndayang'anitsitsa chithunzi chanu ndipo chandidabwitsa. Tchalitchicho chikuoneka chachikulu kuposa mudzi wonse. Anthu ochepa chonchi anamangiranji nyumba yotere, ndipo ndalama anazitenga kuti?
*Mmisiri womanga nyumba, Lilongwe*

Amisiri, diso lanu laona bwino. Tchalitchicho sichinamangidwire anthu a m'mudzimo. Tinganene kuti mudziwo ndi umene unamera mozungulira tchalitchi.

Conques ili m'chigawo cha Aveyron, kummwera kwa France, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku mzinda wa Rodez, pamalo amene kamtsinje ka Ouche kamathira mumtsinje wa Dourdou. Mapiri anachita ngati mbale yakuya pamenepo, ndipo dzina la mudziwu likuchokera ku mawu a Chilatini akuti concha, kutanthauza chigoba cha nkhono. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, munthu wina wotchedwa Dadon anadzakhala yekha m'chigwachi kuti azipemphera, ena anamutsatira, ndipo panayambika nyumba ya amonke otsata lamulo la Benedikito Woyera, imene mfumu Louis, mwana wa mfumu yaikulu Charlemagne, anaiteteza ndi kuipatsa minda. Malowo anali osauka ndi obisika, ndipo akanatha kuiwalika zikanapanda kuti cha m'ma 866 kunafika mafupa a mtsikana wina wofera chikhulupiriro, amene Afalansa amamutcha Sainte Foy. Mbiri ya zozizwitsa zake itafalikira, makamaka ya munthu wotchedwa Guibert amene ankati anabwezeredwa maso atakolowoledwa, anthu anayamba kukhamukira kumeneko ndi mphatso za golide, miyala ya mtengo wapatali ndi minda. Kuwonjezera apo, Conques inali panjira ya anthu oyenda wapansi kuchokera ku Le Puy-en-Velay kupita ku manda a Yakobo Woyera ku Santiago de Compostela, m'dziko la Spain. Ndalama zinachokera kwa alendo amenewa.

Ntchito yomanga tchalitchi chimene chilipo lero inayamba pansi pa mkulu wa amonke wotchedwa Odolric, amene analamulira kuyambira 1031 mpaka 1065, ndipo inatha chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100. Inu monga mmisiri mungakonde kudziwa mmene anathetsera vuto la malo. Poti phirilo ndi lotsetsereka ndipo malo athyathyathya ndi ochepa, nyumbayo ndi yaifupi poyerekeza ndi matchalitchi anzake, koma inakwera m'mwamba, moti denga lamiyala la pakati lili pamtunda wa mamita pafupifupi 22 kuchokera pansi. Kuti makoma asatanuke ndi kulemera kwa dengalo, anamanga makonde apamwamba mbali zonse ziwiri amene amalikankhira mkati. Kumbuyo kwa guwa anasiya kanjira kokhota, kotero kuti khamu limalowera mbali imodzi, n'kuzungulira pamene panali mafupa a woyerayo, n'kutulukira mbali ina popanda kusokoneza amonke amene akuimba mapemphero. Mamangidwe omwewa mudzawapezanso ku Saint-Sernin mumzinda wa Toulouse ndi ku Santiago komweko. Guwalo analitchinga ndi mpanda wa zitsulo, ndipo mwambo wa kumeneko umati zitsulozo zinasulidwa kuchokera ku maunyolo amene akaidi omasulidwa ankabwera nawo pothokoza.

Nsanja ziwiri za kutsogolo zisakunamizeni kuti ndi zakale ngati nyumba yonse, chifukwa nsonga zake zinamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Wansembe wina anatiuza kuti mafupa a Sainte Foy anachita kubedwa. Ine monga mayi wachikhristu zandivuta mumtima. Zingatheke bwanji kuti malo oyera ayambe ndi kuba?
*Mayi wa bungwe la amayi, Zomba*

Mayi, abambo anuwo sanakunamizeni, ndipo ife sitiyesa kuiphimba nkhaniyi. Foy, dzina lotanthauza chikhulupiriro, anali mtsikana wa zaka pafupifupi 12 wa mumzinda wa Agen, amene mwambo wa mpingo umati anaphedwa mu 303, panthawi ya mfumu Diocletian ya Aroma, chifukwa chokana kupereka nsembe kwa milungu. Tsiku lake ndi 6 Okutobala. Mafupa ake anasungidwa ku Agen kwa zaka zoposa 500. Nkhani imene amonke a ku Conques eni ake analemba imati mmodzi wa iwo, Ariviscus, anapita ku Agen monga wansembe wamba, nakhala kumeneko zaka khumi akudzionetsa wokhulupirika mpaka anapatsidwa udindo wolondera manda, ndipo tsiku lina anzake ali paphwando anatsegula mandawo n'kuthawa ndi mafupa.

Chodabwitsa n'chakuti sanaibise nkhaniyi, ankainyadira. Anthu a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti woyera ali ndi mphamvu pa mafupa ake, ndipo sangasunthidwe ngati iye mwini sakufuna, kotero kuba kukatheka ankati woyerayo wasankha yekha mudzi watsopano. Ife tikuona kuti maganizo amenewa ankakomera wakubayo kuposa wobedwayo, ndipo anthu a ku Agen sakanawavomereza. Akatswiri ena a mbiri yakale amaganiza kuti mwina mafupawo anangosamutsidwira kumapiri powabisa kwa ankhondo a ku mpoto amene ankakwera mtsinje wa Garonne ndi ngalawa zawo n'kumafunkha matchalitchi, ndipo nkhani ya kuba inapekedwa pambuyo pake pofuna kufotokoza chifukwa chimene sanabwezedwe.

Simuli nokha pa kukayikaku. Mu 1013 mphunzitsi wina wa ku mpoto, Bernard wa ku Angers, anafika m'derali n'kuipidwa poona anthu akugwadira zifaniziro zagolide, zimene kwa iye zinkafanana ndi mafano achikunja. Koma atakhalitsa anasintha maganizo, ndipo ndiye analemba zambiri za zozizwitsa za Foy zimene tikuzidziwa lero. Chifaniziro chimene anachionacho chikadalipo. N'chotalika masentimita 85, chosemedwa pamtengo n'kukutidwa ndi golide, ndipo chimasonyeza mtsikanayo atakhala pampando wachifumu, manja atatambasulira kutsogolo, maso ali tong'o. Nkhope yake si ya mwana konse, chifukwa mutuwo unatengedwa ku chinthu china chakale kwambiri cha m'nthawi ya Aroma. Thupi lonse ndi lodzaza ndi miyala yonyezimira imene alendo ankapereka pa zaka mazana ambiri, ndipo mkati mwake muli chidutswa cha chibade.

Pamwamba pa khomo la tchalitchi pakuoneka tizithunzi tambirimbiri tosema. Chithunzi chanu n'chaching'ono ndipo sindikuona bwino. Kodi pamenepo pali chiyani?
*Wosema ziboliboli, Mua*

Achimwene, mwafunsa za chinthu chimene, kwa ife, chimaposa golide yense wa m'mudzimo. Ndi chosema cha Chiweruzo Chomaliza, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, chotambalala mamita 6.7 ndi kutalika mamita 3.6, ndipo muli anthu, angelo ndi ziwanda 124. Kale chinali chopakidwa utoto wowala, ndipo mpaka lero utoto wobiriwira ngati thambo ndi wofiira umaonekabe m'makwinya a miyala.

Pakati pali Khristu, dzanja lamanja atakweza kulozera opulumuka, lamanzere atatsitsa kulozera otayika. Kudzanja lake lamanja zonse zili m'mizere: Mariya ali patsogolo, kenaka Petulo ndi kiyi wake, kenaka Dadon ndi ndodo yake, ndipo pambuyo pawo mkulu wa amonke akukoka mfumu Charlemagne padzanja ngati mwana wopita naye kusukulu. Amonkewo ankadziwa uthenga umene ankapereka kwa mafumu. Pakona ina Foy wagwada chafufumimba pamaso pa dzanja la Mulungu, maunyolo a akaidi atapachikidwa kumbuyo kwake. Pansi pa mapazi a Khristu, Mikayeli mngelo ndi chiwanda akuyeza mizimu pasikelo, ndipo mukayang'anitsitsa muona chiwandacho chikutsindira sikelo ndi chala, monga achitira ogula mbewu ena osaona mtima, koma sikeloyo ikupendekerabe kwa mngelo.

Mbali ya kudzanja lamanzere la Khristu ndi imene alendo amachedwapo, chifukwa wosemayo anaikapo luso lake lonse ndi nthabwala zake zomwe. Otayika akukankhidwira m'kamwa mwa chilombo. Woumira wapachikidwa, thumba la ndalama lili m'khosi. Wamiseche akumuzula lilime. Msilikali wodzikuza akugwa chadodolido pakavalo wake. Wopanga ndalama zachinyengo akumumwetsa chitsulo chosungunuka. Munthu wosaka nyama m'nkhalango ya eni wamangidwa pamtengo ndipo akuwambidwa pamoto, wogwira mtengowo mbali imodzi ali kalulu, yemwe uja ankamusaka. Ngakhale atsogoleri a mpingo sanawasiye, poti ena a iwo akodwa muukonde wa chiwanda. M'munsi muli mawu a Chilatini ochenjeza ochimwa kuti akapanda kusintha makhalidwe awo chiweruzo chidzawawawa.

Chimene chingakusangalatseni kwambiri monga wosema chili m'mphepete mwenimweni. Pamkombero wozungulira chosema chonse pali tinkhope ting'onoting'ono tosuzumira, tikukweza mkomberowo ndi zala ngati ana osuzumira pampanda wa udzu kuti aone zimene akulu akuchita. Afalansa amatitcha les curieux, kutanthauza achidwi. Munthu wofulumira satiwona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mudziwu unali wotchuka chonchi, anthu ake anapita kuti?
*Wophunzira za chiwerengero cha anthu, Blantyre*

Kaundula wa mu 1341 anapeza mabanja 730 ku Conques, zimene akatswiri amati ndi anthu pafupifupi 3,000. Panthawiyo sunali mudzi koma tauni, yokhala ndi linga, zipata, msika ndi amisiri. Patangopita zaka zisanu ndi ziwiri kunagwa mliri waukulu wa mu 1348, komanso kunali nkhondo yaitali ya pakati pa France ndi England. Maulendo a kumalo oyera anazilala. Mu 1537 amonke analowedwa m'malo ndi ansembe osatsata lamulo la amonke, amene ambiri a iwo sankakhala n'komwe pamalopo. Mu 1568, pankhondo za pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, tchalitchi chinatenthedwa. Mu 1628 mliri unabweranso. Pofika nthawi ya chipolowe chosintha boma cha mu 1789, m'mudzimo munatsala anthu 600 ndi owerengeka, ambiri a iwo amphawi odalira mphesa ndi mtedza wa m'mitengo wotchedwa châtaigne, umene ankauyanika pautsi m'tinyumba tapadera n'kuupera ufa.

Amphawi amenewa ndi amene anapulumutsa chuma cha tchalitchi. Mu 1792 boma latsopano linalamula kuti ziwiya zagolide ndi siliva za m'matchalitchi zitengedwe kukasungunula, ndipo m'malo ambiri a ku France zinapitadi. Anthu a ku Conques anagawana zinthuzo mwakachetechete, nazibisa m'nyumba zawo, m'minda ndi m'tinyumba toyanikira mtedza tija, ndipo zinthu zitakhazikika anazibweza. Munthu akaganizira kuti mwala umodzi wa pachifaniziro chija ukanatha kudyetsa banja kwa nthawi yaitali, amawapatsa ulemu anthu amenewa kuposa amonke amene anabweretsa mafupa.

Kuchoka kwenikweni kunadza m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900, ndipo sikunali kwa Conques yokha. Kachilombo kotchedwa phylloxera kanapha mizu ya mphesa. Migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo a ku Decazeville, pamtunda wosakwana tsiku limodzi wapansi, ankalipira pafupipafupi pamene munda wa paphiri unkalipira kamodzi pachaka. Ena anapita ku Paris, kumene anthu a ku Aveyron anatchuka pogulitsa malasha ndi vinyo ndipo pambuyo pake anakhala eni malo ambiri omwera khofi. Mabanja ena a m'chigawochi anawoloka nyanja mu 1884 n'kukayambitsa tauni ya Pigüé ku Argentina. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inapha asilikali a France pafupifupi 1.4 miliyoni, ambiri a iwo ana a alimi, ndipo pafupifupi commune iliyonse ili ndi chipilala cha mayina awo. Mathirakitala atafika, minda ya m'mapiri otsetsereka, imene inkalimidwa ndi khasu m'timigula ta miyala, inasiyidwa n'kusanduka nkhalango. Chigawo chonse cha Aveyron chinali ndi anthu pafupifupi 415,000 mu 1886, ndipo lero chili ndi pafupifupi 280,000.

Ife timaona kuti umphawi womwewo ndi umene unasunga maonekedwe a mudziwu, chifukwa panalibe munthu wa ndalama zogumulira nyumba yakale kuti amange yamakono. Tchalitchi chokha chinatsala pang'ono kugwa, mpaka mu 1837 pamene Prosper Mérimée, woyendera nyumba zakale m'malo mwa boma, anafika nachenjeza akuluakulu a ku Paris, ndipo ntchito yokonza inayambika. Mu 1873 episkopi wa ku Rodez anaitana ansembe a chipani cha Prémontré, amene alipobe mpaka lero. Masiku ano mudziwu uli m'gulu la Les Plus Beaux Villages de France, bungwe la midzi yokongola lomwe linayamba mu 1982 ndipo limalandira midzi ing'onoing'ono yokha, ndipo alendo ofika pachaka amakwana theka la miliyoni. Komabe mlendo ndi mame. Pofika Novembala masitolo ambiri a zikumbutso ndi malo odyera amatseka, ndipo ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri siikwanira kusunga banja lachinyamata limene likufuna sukulu, dokotala ndi nyumba yotsika mtengo pafupi.

Ndimagwira ntchito ku Manchester ndipo ndikufuna kukafika kumeneko patchuthi. Ndingayende bwanji, ndipo kupatula tchalitchi kulinso chiyani?
*Namwino, Manchester*

Achemwali, ku Conques sikufika sitima. Rodez ndi kumene kuli siteshoni ndi bwalo la ndege laling'ono, ndipo kuchokera kumeneko ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto. Galimoto mudzaisiya kunja kwa mudzi, chifukwa tinjira ta mkati ndi topapatiza, toyalidwa miyala ndiponso totsetsereka, choncho nsapato zazitali zidendene zitsale ku Manchester. Ngati muli ndi masiku khumi ndi miyendo yolimba, njira yoyenera mudziwu ndi yapansi, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Le Puy-en-Velay potsata njira ya GR 65, ndipo ansembe ali ndi nyumba yogona oyenda wapansi kuseri kwa tchalitchi.

Mukalowa m'tchalitchi, yang'anani mazenera. Alipo 104, ndipo si akale ayi: anamalizidwa mu 1994 ndi Pierre Soulages, katswiri wojambula wobadwira ku Rodez mu 1919, amene anamwalira mu 2022. Iye ankadziwika ndi utoto wakuda, koma pano anapanga galasi loyererako, losaonekera kunja, lopanda chithunzi chilichonse, limene limasintha maonekedwe dzuwa likamayenda. Poyamba ena anadandaula kuti mazenerawo ndi osalala kwambiri. Ife tikuti amasiya miyala kuti ioneke mtundu wake. Chifaniziro chagolide chija chili m'chipinda cha chuma pafupi ndi bwalo la amonke, limene mbali yake yaikulu inagumulidwa cha m'ma 1830, kungotsala zipilala zochepa ndi beseni lalikulu la mwala wobiriwira. M'miyezi yofunda, madzulo, mmodzi wa ansembe amaima pakhomo n'kufotokozera alendo chosema cha Chiweruzo, kenaka m'tchalitchi mumalira limba.

M'mudzimo muli zipata zakale za linga, monga Porte du Barry ndi Porte de la Vinzelle, nyumba yachifumu yaing'ono ya Humières, akasupe omangidwa ndi miyala, ndi nyumba za matabwa ndi dothi zofoleredwa ndi miyala yopyapyala yosanjikizana ngati mamba a nsomba. Chithunzi chathu chija chinajambulidwa kutsidya, ndipo malo odziwika oonera mudzi wonse amatchedwa Bancarel. Pachakudya mudzapeza aligot, mbatata ya kachewere yosakaniza ndi tchizi mpaka kutamuka ngati ulimbo, ndi vinyo wofiira wa ku Marcillac, chigwa choyandikana nacho.

Pochoka, tsikani ndi msewu wa Charlemagne mpaka kumtsinje wa Dourdou. Pamenepo pali mlatho wamiyala wa mu 1410 umene anthu amautcha pont romain, osati chifukwa unamangidwa ndi Aroma, koma kuchokera ku mawu a chinenero cha kummwera kwa France cha Occitan akuti romieu, kutanthauza woyenda ulendo wa kumalo oyera. Mlathowu pamodzi ndi tchalitchi zinalembedwa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika a mbiri ya dziko lonse mu 1998. Mukawoloka, njira imakwera mwamphamvu m'nkhalango mpaka pa katchalitchi kakang'ono ka Sainte Foy, pamene pali belu la chingwe cholendewera poti aliyense angafike. Oyenda wapansi amene akupitirira ulendo wa ku Figeac ndi ku Santiago, makilomita ena pafupifupi 1,300, amaima pamenepo kupuma, n'kuliza belulo kuti otsala kutsidya amve kuti adutsa.